Mutu 7: Ruslan Amanga Manja Ake

1

Lachitatu masana m'kalasi ya ana obwera munali phokoso la aneni. Anawo analipo asanu ndi atatu, aliyense ndi lilime la kwawo, koma onse ankapunthwa pa chitsa chimodzi, Chikoreya.

Aphunzitsi a Seo, mayi wamfupi wosatopa ndi kubwereza, anagogoda bolodi ndi chala.

"Ndanena kangati? Mneni amabwera pomalizira, ndipo zonse zili kumchira kwake. Za dzulo zili kumchira. Za mawa zili kumchira. Ulemu nawo uli komweko. Ukaudula mchirawo polankhula ndi wamkulu, wamutukwana. Ruslan, imirira. Dzulo unachita chiyani?"

Ruslan Khegai anaimirira. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo panali patatha miyezi isanu ndi inayi chifikire ku Ansan, mzinda wa ku Korea, ndi mayi ake kuchokera ku Uzbekistan. Nkhope yake inali ya kuno, pakuti makolo a agogo ake anachokera dziko lomweli, koma pakamwa pake panali Chirasha chokhachokha. Ichi n'chimene chinkamupweteketsa. Mzungu akalakwitsa mawu anthu amamuombera m'manja kuti wayesetsa. Wa nkhope yawo akalakwitsa amati ndi mwano.

"Dzulo... ine... mabanzi anayi... ndidzagula."

Anzake anaseka chikhakhali.

"Udzagula dzulo?" anatero aphunzitsi. "Ndiye kuti wogulitsa uja akukudikirabe mpaka pano, wosauka."

Ruslan anatsegula kope lake lachikuto chofiira, nayendetsa chala mpaka anapeza chimene ankafuna.

"Dzulo mabanzi anayi ndinagula."

"Eya, tsopano wakhoza. Koma anayi? Wekha?"

Mnyamatayo anakhala pansi, natseka kope lake.

Kope limenelo linali litafufuma ngati buku la nyimbo lakalekale. Mchira uliwonse umene anaphunzira unali m'menemo, pansi pake atalembapo tanthauzo m'Chirasha ndi tizilembo ting'onoting'ono. Mayeso a chinenero anali atatsala masiku asanu ndi anayi. Akakhoza, khomo la sukulu ya umakanika wa magalimoto likanatseguka, ndipo kumeneko n'kumene mtima wake unali.

Koma sukulu ija inkafunanso china, mbiri yoyera. Mu June Ruslan anakankha mnyamata wina amene anamulavulira, ndipo achiwiri kwa ahedi anamuchenjeza pamaso pa mayi ake kuti akadzagwiranso munthu, dzina lake lidzalembedwa m'buku la ochita nkhanza. Wolembedwa m'menemo amakanika sankamulandira.

2

Mabanzi aja sanali ake. Anali a Taegon, mnyamata wa kalasi yapamwamba, wa mapewa otambalala ngati chitseko. Pasukulupo anyamata akuluakulu ankadzisankhira aang'ono owatuma. Belu likangolira, wotumidwa ankathamangira kukagolosale ka pansi, n'kubwera nazo zakudya zisanazizire. Taegon anasankha Ruslan, poti munthu wopanda mawu sakaneneza.

Tsiku limenelo Ruslan sanathamange. Aphunzitsi a Seo anati ofuna kubwereza atsale pa nthawi yopuma, ndipo iye anatsala.

Poweruka anamupeza posinthira nsapato, masilipasi a m'kalasi ali m'manja. Taegon anali ndi anzake awiri.

"Iwe Mrasha! Tabwera kuno. Mabanzi anga ali kuti?"

Ruslan anawerama monga wamng'ono amachitira. "Ndinali kuphunzira, achimwene."

"Mwamva? Anali kuphunzira! Apulofesa athu! Ndiye ine ndidye chiyani, aneni?"

Anzake aja anaseka. Taegon anamuwomba khofi kunkhongo, losapweteka kwenikweni, longofuna kunyoza.

"Mayeso ayandikira, achimwene. Sabata ino sindipita."

"Wati chiyani? Tabwereza, mwina makutu anga ndiwo sadziwa Chikoreya."

"Sindipita."

Taegon anatsomphola chikwama cha Ruslan n'kuchikhuthulira pansi. Anakankha mabuku ndi phazi mpaka anaona kope lofiira lija. Analitola, nalitsegula chozondotsa dala.

"Izi ndi zilembo kapena pamayenda nkhuku? Taonani, aise."

"Ndipatseni."

"Mawa tikaweruka, kuseri kwa nyumba ya zinyalala. Ubwere wekha udzapepese bwinobwino. Ukangouza aphunzitsi, ndiliothera moto, kunja kwazizira uku." Anasendera pafupi mpaka mpweya wake wa fodya unamveka. "Ndamva kuti kwanu unali katswiri wa nkhonya. Ndikufuna ndidzaone ndi maso angawa."

Zinali zoona. Ruslan anasewera nkhonya zaka zisanu asanabwere. Anawayang'ana akutuluka pachipata, kope lake likuponyedwa m'mwamba ngati mpira.

3

Lachitatu lililonse madzulo amalume ake, a Anatoli, ankabwera kudzadya. Anali atakhala kuno zaka khumi ndi ziwiri akugwira ntchito pa makina osindikiza zitsulo, ndipo makinawo anali atawadya zala ziwiri. Masiku ena onse ankagona kufakitale.

Anamupeza Ruslan atakhala pansi m'kachipinda kawo, akukulunga m'manja nsalu zake zakale za nkhonya. Mayi ake, a Nelli, anali asanaweruke.

"Ukukonzekera ukwati wa ndani, mphwanga?"

Ruslan anafotokoza zonse. Amalume anavula jekete, nakhala moyang'anana naye.

"Angati?"

"Atatu. Awiriwo ndi nthenga chabe. Taegon ndi wamkulu thupi, koma chibwano amachisiya pamtunda. Kamodzi kokha, amalume."

"Kamodzi kokha. Mawu amenewo ndinawamvapo. Vula zimenezo undimvere.

"Ndinali ndi mnzanga dzina lake Slava. Tinakwera ndege imodzi pobwera. Munthu wofatsa, wosamwa, ndalama yonse kutumiza kwa ana. Kapitawo wathu ankamumenya ndi magolovesi kumaso tsiku ndi tsiku, chaka chathunthu, ife tikuona. Tsiku lina Slava anabweza. Kamodzi kokha. Kapitawo anagwa chagada, ife m'mitima kusangalala. Apolisi atafika sanafunse kuti anayamba ndani. Anafunsa kuti anakweza dzanja ndani. Onse awiri. Basi, ndi ndewu, onse ndi olakwa. Kapitawo analipira chindapusa, m'mawa mwake anali pantchito. Slava itakwana nthawi yokonzetsa mapepala okhalira m'dziko muno anamuuza kuti azipita kwawo. Ndinamunyamulira chikwama ndine.

"Kwathu kuja wokumenya ukamugwetsa anthu amati ndiwe mwamuna. Kuno sizili choncho. Kuno wobweza ndi woyamba amawaika m'thumba limodzi, kenako amafunsa aliyense kuti afotokoze. Iyeyo adzafotokoza masamba atatu, bambo ake ali pambali atavala tayi. Iwe udzafotokoza ndi chiyani? Ndi manja?

"Ukuganiza kuti akufuna mabanzi? Wakuitanira kumene kulibe kamera ya sukulu, koma foni adzakhala nayo. Akufuna nkhonya yako imodziyo. Wamva kuti uli ndi chenjezo. Wadziwa kale kuti ukangomukhudza watha. Iwe ndiwe nsomba, kopelo ndi nyambo.

"Mayi ako amaima maola khumi ndi awiri akulongedza mabotolo. Ukaone miyendo yawo akabwera. Sanabwere kuno kudzaona chipale chofewa. Kwa eni kulibe mkuwe, mphwanga. Ngati ungathe, kopelo lisiye."

"Sindingathe. Popanda ilo mayeso ndalephera kale."

A Anatoli anayang'ana dzanja lawo loperewera zala.

"Ndiye upite wopanda manja. Uwasiye kumbuyo. Ugwire lamba wa thalauza, usamutaye ngakhale kumwamba kugwe. Ululu umatha. Zolembedwa sizitha."

Ruslan anamasula nsalu zija pang'onopang'ono, naziponya m'kabati.

4

Kuseri kwa nyumba ya zinyalala kunali kampata pakati pa mpanda ndi khoma. Kunali milu ya makatoni omangidwa ndi zingwe, ndi chitseko chachitsulo chimene chinkakhala chokhoma. Dzuwa la November linali litapendeka, lopanda mphamvu.

Taegon anali atakhalira katoni, kope lili pabondo. Mnzake wina anaima potulukira. Winayo anali atakweza kale foni.

Ruslan anaima patsogolo pawo, nawerama kwambiri. Mawu ake anali atawaloweza m'mawa wonse, ndipo anawanena ndi ulemu wonse umene Chikoreya chili nawo.

"Achimwene, ndalakwa. Chonde ndibwezereni kope langa."

"Ee! Tamvani kukoma kwake! Ngati wowerenga nkhani pa wailesi." Taegon anadzuka. "Manja wabisiranji? Muli mpeni?"

Ruslan anali atagwira lamba kumbuyo ndi manja onse awiri.

Khofi loyamba linagwera patsaya lamanzere. Lachiwiri linatsekera khutu, mkati mukulira ngati belu.

"Bweza! Katswiri uja ali kuti? Kapena kwanu mumamenyana ndi mbuzi?"

Ruslan anangoti chilili.

Taegon anamuponda m'mimba ndi bondo. Mpweya unathawa, mnyamatayo anagwada pa simenti, koma lamba sanamutaye. Wa potulukira uja anabwera n'kumukoka tsitsi kuti nkhope iyang'ane kumwamba.

"Poti umakonda sukulu, tiye tiphunzire," anatero Taegon. Anang'amba tsamba m'kope muja, nayatsa laitala. "Za dzulo. Nena kuti ndinamenyedwa."

Tsambalo linapsa, phulusa likugwera pa yunifomu ya Ruslan.

"Sukunena? Chabwino." Anang'amba masamba ena atatu pamodzi.

"Ndinamenyedwa."

"Wakhoza! M'manja, aise! Tsopano za lero."

"Ndikumenyedwa."

Nsapato inamupeza m'nthiti.

"Kuti usaname. Za mawa?"

Ruslan analavula magazi. Dzino lina linali likugwedera. Anayang'ana masamba akupsa, ntchito ya mwezi wa April, ya May, ikusanduka utsi. Zala zake zinakanikiza lamba mpaka zikhadabo zinalowa m'chikopa.

"Za mawa, galu iwe!"

"Ndidzamenyedwa."

Anamumenya kwa nthawi ndithu. Kumsana, m'ntchafu, m'mapewa. Akagwa ankamudzutsa. Wa foni uja anayamba kusuntha miyendo.

"Taegon, sakubweza uyu. Tiye tizipita, kungabwere amlonda."

"Khala chete, jambula! Abweza. Muimitse."

Anamuimika atatsamira chitseko chachitsulo chija. Diso limodzi linali litayamba kutseka. Taegon anali wefuwefu, nkhope ili psuu, chifukwa kumenya munthu wosabweza kumatopetsa ndipo kumachititsa manyazi.

"Ukundiyang'ana chiyani? Ukudziona ngati woyera? Lero mano ako uwatolera m'thumba."

Anabwerera m'mbuyo sitepe imodzi, nakoka dzanja lamanja kuchokera kutali, thupi lonse likutsatira.

Manja Ruslan anawamanga, koma khosi linali ndi nzeru zake za zaka zisanu. Mutu unangopendekera kumbali pang'ono pokha.

Chitseko chinalira ngati mgolo wagwa pa lole. Mkati mwa kulirako munamveka kena kakuti thyo. Taegon anayang'ana dzanja lake, zala ziwiri zitaloza kumene zala siziloza, kenako anakuwa ngati mwana. Anagwada atalipanira pakati pa miyendo.

"Dzanja langa! Mayo, dzanja langa! Wandithyola!"

Anzake anamudzutsa n'kuthawa naye. Ruslan anatsala yekha. Zala zake zinakana kumasuka pa lamba, mpaka anachita kuzikoka chimodzichimodzi. Anakwawa n'kutola kope lija. Theka linalipo.

5

A Nelli atamuona pakhomo sanakuwe. Anamukokera mkati, nakhoma chitseko, natseka makatani.

"Wamenya munthu?"

"Ayi, amayi."

"Undiuze zoona, Ruslan."

"Sindinakhudze munthu. Taonani manja."

Anawatembenuza uku ndi uku. Kunja kwake kunalibe bala ngakhale limodzi. Pamenepo mpamene misozi inatsika.

Anamuvula malaya, namusambitsa ndi madzi ofunda. Anatulutsa kabotolo ka mankhwala obiriwira kamene anabwera nako kuchokera kwawo, nadontheza pa bala lililonse. Padiso anaikapo nsalu yokulunga madzi oundana. Nthiti anazimanga ndi mpango wawo.

"Mwina tipite kuchipatala," anatero Ruslan, akupuma mwapang'onopang'ono.

"Kuti akafunse mafunso? Dokotala akaona izi aitana apolisi. Apolisi akabwera alemba dzina lako, ndipo sadzasamala kuti wamenyedwa ndiwe. Ayi. Mabala ndimawadziwa, bambo ako ndinawasamala kangati? Mawa sukupita kusukulu. Ndiimba foni kuti wadwala chimfine. Pofika Lolemba palibe adzadziwe kanthu. Amalume akonso usawauze, ali ndi mavuto awo."

Anachitadi zimenezo, ndipo anazichita bwino. Masiku atatu Ruslan anagona chafufumimba pamphasa yofunda, akukopera m'kope latsopano zimene ankakumbukira za masamba opsa aja. Mayi ake ankasintha nsalu m'mawa ndi madzulo. Pofika Lolemba diso linali litatseguka, kutupa kutaphwa, mikwingwirima itasanduka yachikasu. Munthu wongodutsa akanati mnyamatayu anagwa pa njinga sabata yatha.

6

Lolemba, phunziro loyamba lisanathe, anamuitana ku ofesi ya achiwiri kwa ahedi.

Taegon anali atakhala pampando, dzanja lili m'chikhakha mpaka m'chigongono, nkhope yofatsa ngati ya mwana wa kwaya. Pambali pake panali mayi ake, atavala chikhothi chaubweya. Aphunzitsi a Seo anaima pafupi ndi zenera. Pakona panali a Anatoli m'zovala za ntchito, chipewa chili m'manja. Anali atawaitanitsa kufakitale chifukwa a Nelli Chikoreya sankachimva.

Patebulo panali pepala la chidindo chofiira. Mayi a Taegon analigogoda ndi chikhadabo.

"Masabata asanu ndi limodzi kuti dzanja lipole. Adokotala alemba okha. Mafupa awiri. Mwana wanga anangopita kukamubwezera kope limene anatola, iye n'kumupotokola dzanja. Anzake awiri anaona, alemba kale umboni wawo."

A Anatoli anatembenukira kwa Ruslan, nalankhula m'Chirasha motsitsa mawu.

"Unamumenya?"

"Ayi. Anamenya chitseko. Iwo ndiwo anandimenya."

"Kalata yako ya dokotala ili kuti?"

"Kalata yanji?"

"Sunapite kuchipatala?"

"Amayi anandisamala kunyumba."

Amalume anatseka maso. "Mayo ine. Kuno bala silikhala pathupi, mphwanga, limakhala papepala. Ukamenyedwa umathamangira kwa dokotala tsiku lomwelo, magazi asanaume, akakuwerengere masabata. Wa masabata ambiri ndiye wolakwiridwa. Iye ali ndi asanu ndi limodzi. Iwe ulibe ngakhale tsiku. Ndinakuuza zonse, ichi chokha ndinaiwala."

Achiwiri kwa ahedi anatsokomola. Anali bambo wotopa, wosafuna nkhani zitalike. Anakankhira kwa Ruslan pepala lina lotayipidwa kale, ndi cholembera.

"Mayiwa ndi achifundo. Akuti mnyamatayu akasaina apa ndi kupepesa, kupolisi sapita. Zithera pasukulu pompano."

"Nanga m'buku muja?" anafunsa aphunzitsi a Seo.

"M'buku alembedwa. Pamenepo palibe chochita."

"Saina," ananong'ona a Anatoli.

Ruslan anawayang'ana.

"Saina, mphwanga. Umakanika wapita, inde, koma ntchito zilipo zambiri. Kufakitale kwathu ndikakulankhulira. Apolisi akalowa pankhaniyi, sitidziwa kumene ikathere. Wagwa nayo, vomera. Ine ndawerama zaka khumi ndi ziwiri, khosi silinathyoke."

Ruslan anakokera pepalalo pafupi. Sanatole cholembera. Anaika chala pa mzere woyamba n'kuyamba kuwerenga, milomo ikugwedera.

"Akuchita chiyani?" anafunsa mayi a Taegon. "Auzeni pongosaina. Ine ndili ndi kopita."

"Akuwerenga," anatero aphunzitsi a Seo. "Ndi chimene timawaphunzitsa."

Mawu ena anali aatali, a m'maofesi, ndipo anawalumpha. Koma ambiri ankawadziwa. Wotchi ya pakhoma inayenda mphindi zisanu, kenako zisanu ndi ziwiri. Taegon anayamba kugwedeza mwendo. Chala chija chinafika pakati pa tsamba n'kuima.

"Apa akuti ine ndinayamba ndewu," anatero Ruslan m'Chikoreya, liwu limodzilimodzi. "Apa akuti ine ndinathyola dzanja la achimwene. Apa akuti sindidzachitanso."

"Ndi mmene makalata opepesa amalembedwera," anatero achiwiri kwa ahedi.

"Sindinachite. Sindisaina."

Anabweza pepalalo ndi manja awiri, mwaulemu.

Mayi a Taegon anaimirira. "Mwaona? Mwaona mwano wake? Ndiye tikaonana kupolisi!"

"Ruslan!" A Anatoli anamugwira mkono mwamphamvu. "Wapenga? Ukudziwa chimene ukuitana?"

"Munati zolembedwa sizitha, amalume. Lachinayi ndinakumverani. Taonani." Anakweza malaya a yunifomu. Kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno munali mabala achikasu ndi obiriwira, ena ooneka bwinobwino mizere ya pansi pa nsapato.

 Aphunzitsi a Seo anagwira pakamwa. Taegon anayang'ana pawindo.

"Zimenezo angathe kuzitenga kulikonse," anatero mayi aja, koma mawu anali atatsika. "Pepala lake lili kuti?"

Achiwiri kwa ahedi anavula magalasi, napukuta m'maso.

"Ngati wakana, nkhaniyi ipita ku komiti. Ikhala Lachinayi. Iweyo ulembe wekha zonse zimene ukuti zinachitika, m'Chikoreya, ndi dzanja lako. Aphunzitsi ako asakuthandize, angadzati anakulembera. Koma ndikuuziretu, mwana iwe. Iwo ali ndi kalata ya dokotala ndi mboni ziwiri. Komiti ikakupeza wolakwa utakana kupepesa, chilango chidzaposa ichi."

"Ndipatseni pepala loyera."

Anamupatsa masamba awiri. Onse anatuluka, mayi a Taegon patsogolo, nsapato zawo zikugogoda mpaka kumapeto kwa khonde. A Anatoli anavala chipewa n'kupita osatsanzika.

Ruslan anakhala yekha m'kachipinda koyandikana ndi ofesi. Analemba tsiku. Analemba dzina lake. Chiganizo choyamba chinamutengera theka la ola, akufufuta ndi kuyambanso, mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Pamene belu la chakudya linkalira anali ndi mizere isanu ndi umodzi, ndipo anali asanafike n'komwe kuseri kwa nyumba ya zinyalala.

Foni inanjenjemera m'thumba mwake. Nambala yake sankaidziwa.

Munali kanema wa masekondi anayi, wojambulidwa kuchokera pamene panaima mnzake wa Taegon wa foni uja. Anadziona ataima pa chitseko chachitsulo, manja ali kumbuyo, nkhonya ya Taegon ikubwera. Isanafike, kanemayo anaduka.

Pansi pake panali mawu ochepa, osavuta, ngati wolembayo ankadziwa kuti wowerenga ndi ndani.

"Kanema yense ndili naye. Lero tikaweruka, malo omwe aja. Ubwere wekha."